Makina atatu oswera mazira akuwerenga kutentha mosiyana: kodi ma transistor ndi afeki?

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Kapata, kuno ku Chipata, amene amakonza mafoni ndi mawailesi, ndipo tsopano wayamba kupanga makina oswera mazira oti azigulitsa kwa oweta nkhuku. Walemba kuti: "Ndapanga makina atatu ofanana. Choyezera kutentha ndi transistor ya 2N3904, ndalumikiza base ndi collector, ndikuipatsa magetsi kuchokera pa 5 V kudzera pa resistor, Arduino n'kumawerenga ndi reference yake yamkati ya 1.1 V. Onse atatu ali m'chipinda chimodzi, koma ena akuti 27, ena 30, ena 33. Komanso ka charge controller ka sola kamene ndinapanga ndi TL431 kamayenera kudula pa 14.4 V, koma kakupitirira 15 V. Kodi anandigulitsa zafeki? Ndikagule zina ku Lusaka, kapena ndiwoloke pa Mwami ndikafufuze ku Lilongwe?"

Achimwene, ndalama ya basiyo isungeni kaye. Zida zafeki zilipodi pamsika, koma zonse zimene mwafotokozazi zingachitike ngakhale mutakatenga zida kufakitale komweko. Transistor ya m'buku ndi imene ili m'manja mwanuyo zimasiyana pa tinthu tingapo, ndipo seketi yanu mwailumikiza m'njira yoti tinthu timeneto tikule. Tina timachoka mukayeza makina aliwonse paokha n'kusunga nambala yake. Tina sitimva zimenezo, timafuna musinthe kalumikizidwe.

Tiyambe ndi choyezera chanucho. Pakati pa base ndi emitter pamakhala voltage ya pafupifupi 0.6 V, imene timaitcha Vbe. Current ikakhala yosasintha, voltage imeneyi imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse imene kutentha kwakwera. Pamenepo buku silinaname, ndipo katsikidwe kameneka kamafanana ndithu pa ma transistor a mtundu umodzi. Chosafanana ndi poyambira. Vbe imadalira kanambala kena kolembedwa Is, kamene kamachokera ku kukula kwa emitter ndi kuchuluka kwa zinthu zimene anasakaniza mu silicon popanga gulu limenelo. Fakitale siilonjeza nambala imeneyi, chifukwa 2N3904 anaipangira kukweza mawu ndi kuyatsa kapena kuzimitsa zinthu, osati kuyeza kutentha. Is ya transistor ina ikaposa ya inzake kawiri, Vbe zawo zimasiyana ndi 18 mV. Gawani ndi 2, mupeza madigiri 9. Choncho kusiyana kwa madigiri 6 kumene mwaona sikodabwitsa n'komwe.

Chachiwiri ndi reference ya Arduino, voltage yokhazikika imene imayerekezera nayo chilichonse chimene ikuyeza. Datasheet (chikalata cha fakitale) ya ATmega328P, IC yaikulu ya mu Arduino, imanena kuti 1.1 V imeneyo ikhoza kukhala paliponse kuyambira 1.0 mpaka 1.2 V. Apa njira yanu imakupwetekani kwambiri, chifukwa mukuyeza voltage yaikulu ya 600 mV pofuna kuona kusintha kwa 2 mV. Reference ikaphonya ndi 1% yokha, ndiye kuti 6 mV yalowa m'chiwerengero, amenewo ndi madigiri 3. Chachitatu ndi 5 V imene ikudyetsa resistor. Ngati ikuchokera ku chaja ya foni kapena ka regulator kotchipa, n'kumayenda pakati pa 4.75 ndi 5.25 V malinga ndi mmene batire lilili, current ya mu transistor imasintha ndi pafupifupi 12%, Vbe n'kusuntha ndi 3 mV. Makina angaoneke ngati atentha kapena azizira ndi digiri imodzi ndi theka pamene m'bokosimo simunasinthe kalikonse. Dzira limafuna 37.5 kwa masiku 21, ndipo digiri imodzi yowonjezera ndi yokwanira kuti anapiye aswe msanga ali ofooka.

Opanga ma IC anathana ndi vuto la Is kalekale, ndipo nzeru yake ndi imene wogula nshawa pamsika amachita: kuyeza beseni lopanda kanthu, kuyeza lodzaza, n'kuchotsera, kulemera kwa beseni n'kusowa. Transistor imodzi amaipatsa current yaing'ono n'kuyeza Vbe, kenaka current yokulirapo ka 10 n'kuyezanso. Pochotsera, Is imachoka yonse. Chotsala ndi kT/q kuchulukitsa ndi ln ya 10, pamene k ndi q ndi manambala achilengedwe osasintha, T ndi kutentha mu kelvin, kutanthauza madigiri athuwa kuwonjezera 273. Pa 27 digiri, kT/q ndi pafupifupi 26 mV, ndipo kusiyana kwa ma Vbe awiriwo ndi pafupifupi 60 mV, kumakwera ndi 198 µV (pafupifupi 0.2 mV) pa digiri iliyonse. Zoyezera zambiri zimene mumagula, monga AD590, LM335 ndi LM35, maziko ake ndi amenewa.

Reference nayo imachokera pomwepo, n'chifukwa chake mafunso anu awiriwa ndikuwayankha pamodzi. Vbe imatsika kukatentha, kusiyana kwa ma Vbe kumakwera. Mukachulukitsa chokwerachi mpaka chifanane ndi chotsikacho n'kuziphatikiza, mumapeza voltage yosasuntha ya pafupifupi 1.2 V, imene ili pafupi ndi bandgap ya silicon, dzina lake n'kuchokera pamenepo. David Hilbiber wa ku Fairchild anafotokoza njirayi mu 1964, Bob Widlar anaiika mu LM113 ya National Semiconductor mu 1971, ndipo Paul Brokaw wa ku Analog Devices anatulutsa mu 1974 kalumikizidwe ka ma transistor awiri, ina yaikulu ka 8 kuposa inzake, kamene mpaka lero kali m'zida zosawerengeka. TL431 yanu ndi 1.1 V ya mu Arduino zonse ndi za banja limeneli.

Tsono kuchotsera kuja kumachotsa Is yokha. Zotsalazo ndi izi, ndipo si zonse zimene zili zoopsa mofanana.

Pali nambala yolembedwa n, yochulukitsa kT/q ija, imene buku limaiyesa 1 ndendende. Pa transistor yeniyeni imakhala pamwamba pang'ono, ndipo ma IC ambiri owerenga transistor yakutali, monga TMP411, anawakonza poganiza kuti n ndi 1.008. Kuipa kwa n n'koti imachulukitsa kutentha kwa mu kelvin, osati kwa madigiri athu. Pa 37.5 digiri tili pa 310 K, ndiye n ikaphonya ndi 1%, chiwerengero chimaphonya ndi madigiri 3. Transistor ya n = 1.004 ikawerengedwa ndi IC yoyembekezera 1.008, imaonetsa kutentha kotsika ndi digiri imodzi ndi pang'ono. Pa chifukwa chomwechi musayesere kuika diode ya 1N4148 m'malo mwake, ngakhale ili ndi miyendo iwiri yokha ndipo ndi yosavuta kulumikiza. n yake imayandikira 2 ndipo imasintha ndi current.

Kenaka pali beta, nambala yonena kuti current ya pa collector ndi yaikulu kangati kuposa ya pa base. Lamulo la kT/q limanena za current ya pa collector, koma ife timathira current yonse, ina n'kupita ku base. Beta ikanakhala yofanana pa ma current onse awiri, sipakanakhala nkhani. Koma imasintha. Tiyerekeze kuti ndi 100 pa 10 µA ndi 150 pa 100 µA: kusiyana kwa ma current a pa collector sikukhalanso ka 10 ndendende, kumaposa ndi gawo limodzi mwa magawo 300, ndipo chiwerengero chimakwera ndi pafupifupi theka la digiri. Pa 2N3904 vutoli ndi laling'ono chotero. Mu purosesa ya kompyuta, mmene transistor yoyezera ili ndi beta yotsika kwambiri, limakula mpaka opanga ma IC anachita kuwonjezera seketi yapadera yolikonza.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri opanga zinthu pamanja ndi resistance ya m'njira, ya mkati mwa transistor ndi ya mawaya. Ma current a 10 ndi 100 µA amasiyana ndi 90 µA. Ohm imodzi yokha imabweretsa 90 µV, ndipo mukagawa ndi 198 mupeza 0.45 digiri. Waya wa netiweki uja ambiri amasenda n'kugwiritsa ntchito ali ndi pafupifupi 0.085 ohm pa mita imodzi. Mukaika choyezera pa mtunda wa mamita 5, kupita ndi kubwera ndi mamita 10, mwawonjezera 0.4 digiri musanayambe n'komwe. Izo ndi waya wa kopa weniweni. Wa aluminiyamu wopaka kopa pamwamba amaposa pamenepo. Ndiye onjezani mfundo yopota ndi zala n'kukulunga tepi, imene ikukhala m'bokosi la chinyezi cha madzi a m'thireyi kwa milungu itatu. Ikayamba kubiriwira, resistance yake imasintha tsiku ndi tsiku, ndipo palibe nambala imene mungasunge mu Arduino yoti ikonze chinthu chosakhazikika. Mfundo zonse za pa choyezera muziwotcherera. Ma IC monga TMP411 ndi ADT7461 amadziwa kuchotsera resistance ya m'njira okha, koma mfundo yogwedera sangaichiritse.

Mkati mwa reference, mdani wamkulu ndi kusafanana kwa ma transistor amene amayenera kukhala mapasa. Kusiyana kwa ma Vbe pa 8 ndi 1 ndi 54 mV yokha, ndipo kuti ifike pothana ndi kutsika kwa Vbe amaichulukitsa pafupifupi ka 10. Chilichonse cholakwika chimene chakwera pa 54 mV imeneyo chimachulukitsidwanso ka 10. Amplifier yamkati ikaphonya ndi 1 mV, kunja kumatuluka 10 mV, pafupifupi 1% ya 1.2 V. Ndiko kumene 1.0 mpaka 1.2 V ya Arduino imachokera. Reference yodula imasiyana ndi yotchipa makamaka chifukwa fakitale inaiyeza imodziimodzi n'kuikonza isanatuluke. Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachidziwa: reference ya mtundu umenewu ikaphonya pa nambala yake, kawirikawiri imasunthanso ndi kutentha, chifukwa mbali yokwera ndi yotsika sizinafanane. Kuphonya kwa 12 mV kochokera mbali imeneyi kumabwera ndi kusuntha kwa 40 µV pa digiri.

Mabuku amathera masamba ambiri pa kupindika kwa Vbe, kuti siitsika mowongoka ndendende, choncho reference imakwera pang'ono pakati n'kutsika kumapeto konse kuwiri. N'zoona, ndipo kwa wopanga zida za galimoto zoyenera kugwira kuyambira pa -40 mpaka 125 digiri ndi nkhani ya mamilivoti angapo. Kwa ife, kuyambira m'mawa wa Julayi mpaka masana a Okutobala m'nyumba ya malata, sikufika ngakhale theka la milivoti. Musataye tulo ndi zimenezo. Chimodzimodzi ndi chimene James Early anafotokoza mu 1952, kuti current ya collector imakwera pang'ono voltage ya pa collector ikakwera. Pa transistor yanu yolumikiza base ndi collector sichivuta kwenikweni. Chimaonekera mkati mwa ma IC, monga kusuntha pang'ono kwa reference batire likamatsika.

Chimene ndingakuuzeni kuti muchiyang'anitsitse ndi kutentha kumene seketi imadzipangira yokha. Transistor ya pulasitiki ngati 2N3904 imatentha pafupifupi madigiri 200 pa watt iliyonse, ndiye 10 mW ndi madigiri 2. Pa 100 µA sipakhala vuto, ndi 60 µW chabe. Koma ngati munaika resistor yaing'ono n'kumathira mamiliampu angapo, choyezera chikudziyeza chokha. Pa bolodi la Arduino nkhani ndi ina: mukalidyetsa 12 V ya batire mwachindunji, ka regulator kake kamataya 7 V, ndipo pa 50 mA ndi 0.35 W ikuwotcha bolodi pafupi ndi IC imene muli reference. Ikanipo chala pakatha mphindi 15, mumva. Tsitsani voltage ndi ka buck converter kunja, bolodilo likhale kunja kwa bokosi lofunda. Kupanikizika nakonso kumasuntha Vbe: kupinda miyendo pafupi ndi thupi lake, kuiwotcha nthawi yaitali ndi chowotcherera, kuimata ndi epoxy wolimba. Choncho kuyeza kuzibwera pomaliza, choyezera chitamatidwa kale n'kuuma.

Nanga muchite chiyani ndi makina atatuwo? Ine ndikanasiya kuwerenga Vbe imodzi ndi Arduino. ADC yake, gawo losandutsa voltage kukhala nambala, ili ndi masitepe 1024, ndipo pa 1.1 V sitepe imodzi ndi 1.07 mV, theka la digiri. Kwa mazira ndi lalikulu. Njira yochotsera ija pa Arduino yokha ndiye ayi, 198 µV siioneka n'komwe pokhapokha mutawonjezera ADC ngati ADS1115. LM35 imapereka 10 mV pa digiri, choncho sitepe imodzi ndi 0.1 digiri, ndipo reference ikaphonya ndi 1% mumataya 0.4 digiri yokha pa 37.5. Komabe muiyeze: pa 375 mV, reference ya 1.0 V imaonetsa 41 digiri, ya 1.2 V imaonetsa 34. Mukasankha reference yamkati, voltage yake imaonekera pa pini ya AREF, mukhoza kuiwerenga ndi mita n'kulemba nambala yeniyeniyo mu pulogalamu ya bolodi limenelo. DS18B20, choyezera china, ndi yosavuta koposa, imatumiza nambala yathunthu kotero waya sasintha chiwerengero, ndipo yeniyeni imalonjeza 0.5 digiri kuyambira -10 mpaka 85. Apa ndi pomwe nkhawa yanu ya zafeki ili ndi malo, chifukwa zotengera za DS18B20 zadzaza pamsika. Zina zimagwira bwino, zina ayi, ndipo simungadziwe poziyang'ana.

Mulimonse mmene mungasankhire, yezani makina aliwonse athunthu, choyezera chake, waya wake ndi bolodi lake, pa kutentha kumene adzagwirire ntchito. Thirani madzi ofunda mu fulasiki, takasani, ikanimo choyezera chomatidwa bwino pamodzi ndi thermometer ya kuchipatala yogula ku famase. Imeneyo anaipangira kuwerenga mosaphonya pafupi ndi 37, pamene inu mukufuna. Kumbukirani kuti imasunga chiwerengero chapamwamba, ndiye muziizimitsa n'kuyatsanso pa kuyeza kulikonse. Madzi akafika pa 37.5, lembani chimene makina akunena, kusiyanako musunge mu EEPROM, memory ya Arduino yosafufutika magetsi akazima. Pa kuyeza kumodzi kumeneku mwachotsa Is, n, beta, waya ndi kuphonya kwa reference, zonse pamodzi, pa malo amene mazira amakhala. Ngati mukufuna malo achiwiri, gwiritsani ntchito ayezi wophwanya wothira madzi pang'ono, ameneyo ndi 0 kulikonse. Madzi owira musawakhulupirire kuti ndi 100. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo kuno madzi amawira pafupifupi pa 96. Lembani nambala pa choyezera ndi pa bolodi lake, ndipo mlimi akabweza makina kuti musinthe choyezera, muyezenso.

Tsopano TL431. Simunandiuze ma resistor amene munaika pa divider yogawa voltage ya batire isanafike pa TL431, koma kupitirira 15 V kukundiuza kuti ndi aakulu. Anthu a sola amakonda kutero pofuna kuti batire lisamadyeke usiku. Mwendo wa REF wa TL431 ndi base ya transistor, ndipo poti beta si yopanda malire, mwendowo umamwa current ya pafupifupi 2 µA, nthawi zina mpaka 4 µA. Current imeneyo imadutsa mu resistor yapamwamba. Ndi 47k pamwamba ndi 10k pansi, 2.495 V kuchulukitsa ndi 5.7 ndi 14.22 V, kuwonjezera 0.09 V ya current ija, mwafika 14.3 V. Ndi 470k ndi 100k kagawidwe n'kofanana, koma chowonjezera chimakhala 0.94 V, ndipo batire lifika 15.2 V lisanadulidwe. Choipa china, current imeneyo imasintha ndi kutentha, ndiye podulira pa Juni sipakhala pa Okutobala. Bwererani ku 47k ndi 10k, divider imeneyo imadya 0.25 mA yokha, batire la galimoto silingaimve. Onetsetsaninso kuti TL431 ikulandira 1 mA kapena kuposa pa cathode, chifukwa pansi pa pamenepo siilonjezedwa kugwira bwino. TL431 wamba imaloledwa kuphonya ndi 2%, ya A ndi 1%, ya B ndi 0.5%, ndipo 2% pa 14.4 V ndi pafupifupi 0.3 V, choncho ikani ka preset kakang'ono (resistor yosinthika) pa resistor yapansi n'kukonza ndi mita.

Mukakonza zimenezo mudzapeza kuti batire la asidi silifunanso voltage yosasuntha. 14.4 V ndi ya pa 25 digiri, ndipo liyenera kutsitsidwa ndi 3 mpaka 5 mV pa selo iliyonse pa digiri iliyonse, kutanthauza 18 mpaka 30 mV pa batire la maselo 6. Batire limene lili pa 35 digiri m'nyumba ya malata, kapena kwa makasitomala a ku Mfuwe kumene chigwa cha Luangwa chimapitirira 40, limafuna 14.1 kapena 14.2 V pa 35, ndi pafupifupi 14.0 kapena 14.1 V pa 40, apo ayi madzi ake amatha msanga. Ma 2N3904 amene muwachotse m'makina a mazira aja ntchito yawo ili pano: imodzi, yolumikiza base ndi collector, muiike motsatana ndi TL431 kuti reference yonse ikhale pafupifupi 3.1 V, ndipo muimate pa thupi la batire. Divider yochulukitsa ka 4.6 idzasandutsa 2 mV yake kukhala pafupifupi 9 mV pa digiri, ziwiri (divider ikuchulukitsa ka 3.9) zimapereka kuyandikira 16 mV, ndipo kusiyana kwa Is kumachoka ndi preset yomwe ija.